Impso Yanga Ili ku Chisitu

Magetsi azima ku Chitakale,
laputopu yatsala ndi mphindi makumi anayi.
Chiperoni chakwirira phiri kuyambira Lachiwiri,
ine ndili pawindo, ndikuwerenga anthu.

Mizere mazana asanu ndi umodzi,
mzere uliwonse ndi munthu wosokereredwa impso ya mnzake.
Mayina tinafufuta.
Kwatsala zaka zobadwa, gulu la magazi, miyezi imene anayenda nayo,
ndi kabokosi kakumapeto kolandira nambala imodzi yokha:
ziro, tinasiyana naye akadali bwino;
wani, impso inatopa, anabwerera ku makina osefa magazi;
thuu, munthu anapita, impso ikugwirabe ntchito.

Aphunzitsi anga a Namakhwa ankati
kawerengedwe kakale kanali ndi ulemu wabodza.
Kakaona thuu kankangoti, uyu watulukako pang'ono,
muikeni pamodzi ndi osamuka osatsanzika,
otaya makadi, osintha nambala ya foni,
ngati kuti kumene wapitako
impso yakeyo ingadzakanikebe tsiku lina.
Ndiye chiwerengero cha impso zokanika chinkafufuma
ngati mandasi ochuluka yisiti,
poti akufa ankaimikidwa pamzere wa odikira.

Wakufa sadikira.
Basi ikakhota kulowera ku Likhubula
ku Muloza siifikanso.

Stonadi, mlongo wanga,
kalaliki wa pasikelo, woyeza masamba a tiyi a anthu ena,
unayamba ndi jombo kukana phazi.
Kenaka nkhope, kenaka Midima kawiri pa sabata,
kupita wotupa, kubwerako wofota ngati chigwada chapadzuwa.
Tinagulitsa munda wa nanazi,
a mpingo anasonkha, ena anatiseka,
tinakwera ndege ya ku Indiya tili ndi impso zinayi,
ziwiri zokha zamoyo, zonse zanga.
Pobwera tinali titagawana.

Miyezi makumi asanu ndi umodzi!
Unafolera nyumba ndi malata,
unavina pa ukwati wa Felesiya mpaka lamba kuduka.
M'mawa unkataya madzi kuseri kwa nthochi
n'kumakuwa mopanda manyazi:
Edina, tamvera impso yako, ikulira ngati Ruo!

Koma mapiritsi aja,
alonda oletsa thupi lako kuthamangitsa mlendo,
ndiwonso anasiya chitseko chakuseri chosatseka.
Juni anabwera ndi nkhungu, chifuwa chinalowa,
pofika Loweruka chinali chibayo.
Pepala lomaliza la magazi ndikadali nalo m'Baibulo:
impso ili bwinobwino.
Tinakuika ku Chisitu ndi chiwalo changa chosalakwa,
chosatopa, chongosowa wochigwirira ntchito.

M'kaundula uyu iwe mulibe.
Ndi wa anthu akutali, odya zina, opemphera mwina.
Koma mzere 388 ndimaudumpha ndi maso:
mwamuna, zaka 41, wopereka ndi mlongo wake, thuu.
Kodi nayenso ali ndi chipsera kumanzere
chomwe chimayabwa kukazizira?

Ndikadina batani mizere iwiri ikukwera pagalasi,
masitepe ngati migula ya m'munda wa tiyi.
Wina ndi wa impso zotopa, wina ndi wa maliro.
Akudya m'mbale imodzi:
amene watengedwa ndi uyu, uyo sadzam'pezanso.
Ndipo mankhwala otsitsa mzere woyamba
mwina ndi omwewo akukankha wachiwiri.
Ndi zimene ndikufuna dokotala wamawa aziona
asanauze mlongo wa munthu kuti zonse zili bwino.

A Namakhwa adzafunsa ngati masamu akhala.
Akhala.
Palibe wakufa amene ndamuimika pamzere.

Batire yafiira.
Ndasunga ntchito, ndatseka,
ndamwa kapu yachisanu ndi chimodzi ya madzi
monga anandilamulira,
chifukwa yotsalayi ikusefa yokha usiku wonse.
Kwinakwake nanenso ndili ndi mzere wanga,
kabokosi kakumapeto kakuti ziro,
pakadali pano.